Tenti pa Mzere wa Kafupi

Sukulu ndinalekera giredi seveni. Kulemba ndimalemba, koma kwambiri manambala. Izi ndazilemba chifukwa wina sadzazilemba.

Makolo anga anachokera ku Katete, nadzakhazikika mbali ya Bundabunda ine ndili wamng'ono. Ndinakula ndi khasu. Nditakwatira ndinapeza ntchito pa munda wa kafukufuku wa chimanga, umene anthu a sayansi anabwereka kwa mwini famu wina, chapatali ndi msewu waukulu. Ndinagwira pamenepo zaka khumi ndi zinayi. Poyamba ndinali wopalira. Kenako ndinakhala kapitawo.

Munda wa kafukufuku suli ngati munda wa kunyumba. Mzere uliwonse uli ndi nambala yake. Chimanga sichiloledwa kukwatitsidwa ndi mphepo. Mwana wa chimanga, kachitsononkho kanthete, akangotuluka pa phesi, ndevu zisanaoneke, timamuveka kathumba ka pepala. Ngayaye ya pamwamba nayo timaiveka thumba. M'mawa mame akauma timagwedeza thumba la ngayaye, mungu ugweremo, ndipo timauthira pa ndevu zimene tasankha. Kenako kutseka, ndi kulemba nambala ndi pensulo. Inki imasungunuka ndi mvula.

Ukathira mungu wa phesi pa ndevu za phesi lomwelo, chaka ndi chaka, chimanga chimafupika. Chimaonda. Munthu wodutsa amati mwini munda ndi mlesi. Koma chonyozekacho ndicho kholo. Ukakwatitsa makolo awiri otere, mwana amatuluka wamtali, wamphamvu, ndipo ndiye mbewu imene alimi amabzala. Mwanayo sasunga mphamvu. Ukabzalanso njere zake, mphamvu imabalalika. Choncho chaka chilichonse umabwerera kwa makolo. Kholo likafa, zatha.

Kholo limodzi linali ndi nambala yaitali, koma ife tinkangoti Kafupi. Ankandifika m'chiuno. Masamba otuwa, chitsononkho ngati cha mwana wosewera. Zinatenga nyengo zisanu ndi zitatu kuti akhale mmene analili. Nyengo zonsezo matumba ake ndinaveka ndine.

Akuluakulu anga anali awiri. Ba Dokota, bambo a imvi, ndiwo anali mutu wa ntchito. Ba Madamu, a ku Silverest, anali ocheperapo zaka, nawonso dokotala wa sayansi. Kafupi anamusankha ndi iwo. Ankagwada m'matope, kuyang'ana tsamba limodzi limodzi mpaka dzuwa kuwapsereza khosi. Ba Dokota ankadziwa amene angakwatirane ndi amene. Buku la munda linali limodzi, lakuda, onse awiri ankalembamo. Masana ankakhala pansi pa mtengo wa masuku, kudya mbatata za mkazi wanga, kukangana.

"Ba Kapitawo, muuzeni mudala uyu kuti maso yake yasila, saona," ankatero ba Madamu. "Akamba ati mzere uja ni wabwino."

"Ine ndine wa khasu chabe."

"Wa khasu ndiye aona bwino," ankatero ba Dokota. "Kambani, nimupase manyazi."

Ndinkanena zimene ndaona. Amene walakwa ankaseka, nafufuta m'buku. Ntchito inkayenda choncho.

Kunabwera chaka chimene mvula inadula pakati pa dzinja. Chimanga cha anthu chinapota masamba ngati anyezi. Changa cha kunyumba chinapsa chonse. Koma pa munda wa kafukufuku, mwana wa Kafupi anaima wobiriwira, nabereka. Alimi ankabwera kudzaima pa waya. Ena ankapempha njere zochepa m'manja. Mbiri inafika ku Lusaka, inapitirira.

Ndiye kunabwera mphoto. Inachokera kunja kwa dziko. Lamulo lake linali loti dzina likhale limodzi. Dzina linali la ba Dokota.

Anabwera nayo kumunda kudzationetsa. Mendulo m'kabokosi, ndi pepala la m'galasi. Opalira anaimba nthungululu. Ine ndinaigwira, inali yolemera. Ba Madamu anaomba m'manja kawiri, nati ali ndi ntchito ku galimoto. Tsiku limenelo mbatata zinatsala.

Sindinganene kuti mphotoyo inali yoipa yokhayokha. Inatikumbira chitsime cha pampu. Tinapatsidwa majombo atsopano. Ophunzira a za ulimi anayamba kufunsa za munda wathu, pomwe kale sankadziwa kuti tilipo. Ba Dokota anandiuza kuti tsopano akalankhula, a m'maofesi amamva. Mwina ndi zoona.

Koma ba Madamu anagula buku lawolawo. Ankalitsekera m'galimoto. Anayamba chimanga china kumalo ena, choti dzina likadzafunidwa likhale lawo. Kwathu ankabwera mwa apo ndi apo, moni wa pakamwa chabe. Ba Dokota nawo anakhala munthu wa ndege. Lero ali uku, mawa uko, kulankhula pa misonkhano. Malangizo ankabwera pa foni, mawu atatu anayi. Buku lakuda linakhala pa shelefu. Ndinkalembamo ndekha.

Mbewu za makolo tinkasunga m'maenivelopu, mu filiji yakale, m'kachipinda kokhoma. Magetsi ankazima kwa nthawi yaitali chaka chimenecho, filijiyo inafa. Kiyi inali ndi ba Dokota. Ndinawauza katatu. Anati abwera sabata yamawa. Ndinauza ba Madamu. Anati, "Auzeni a mendulo." Kale akanabwera tsiku lomwelo ndi bokosi la ayezi. Kiyi inafika patatha miyezi itatu. Titatsegula, fungo la nkhungu linatibweza. Anankafumbwe anali kuyenda pa maenivelopu.

Za Kafupi ndinapulumutsa njere zokwana m'dzanja limodzi. Mvula itagwa ndinazibzala pafupi ndi geti, chifukwa mpope uli pamenepo, ndipo mbuzi ikalowa ndimaiona msanga. Malowo ndinasankha ndekha. Zinamera khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Ndinafunsa ba Madamu pa foni ngati kuli kwina kumene Kafupi anasungidwa.

"Kulibe," anatero. "Ni uyo chabe muli naye."

Mapesi khumi ndi asanu ndi anayi pa dziko lonse. Ndinawatchingira ndi minga. Mbozi ndinkazitola ndi zala. Nthawi itakwana ndinaveka matumba, ndinathira mungu, phesi lililonse ndi mungu wake. Khumi ndi asanu ndi limodzi anagwira. Chinatsala ndi kudikira kuti njere zikhwime. Mwezi umodzi ndi theka.

Patatha masiku khumi ndi awiri, Lachiwiri, panabwera galimoto yoyera. Munatuluka munthu wa jekete, wa ku ofesi yaikulu ya bungwe limene linatilemba ntchito. Ndinali ndisanamuonepo. Anali ndi tepi yoyezera ndi mafoni awiri. Anati Loweruka kudzakhala mwambo wolemekeza ba Dokota, pamunda pompano, kuti alendo adzaone ndi maso chimanga chimene chinapata mphoto. Kudzabwera akuluakulu, atolankhani, ndi kwaya.

Anayenda munda wonse akunyamula miyendo ngati nkhuku pa mame. Pa chimanga chachitali anasekerera. Atafika pa geti anaima.

"Ichi nichani?"

"Ni makolo, bwana."

"Makolo ya ndani? Chimanga chodwala pa geti penipeni? Alendo azayamba kuona ichi?"

"Sichidwala. Ndiye mmene chimakhalira."

"Ba Kapitawo, naine ninakulira ku munzi. Chimanga chabwino nichiziba." Anatambasula tepi. "Apa ni pa fulati, posalala. Tenti izakhala apa. Mudule vonse."

Ndinamufotokozera. Sindine munthu wa mawu, koma ndinayesa. Ndinamutengera pa chimanga chachitali, ndinati ichi ndi mwana. Ndinamubweza pa geti, ndinati uyu ndi mayi wake, ndipo palibenso wina. Ndinamuonetsa matumba ndi manambala. Ankamva ndi khutu limodzi, linalo lili pa foni.

"Mayi wake kachinthu aka?" Anaseka. "Imwe, musanisekese. Olo ni mayi, mwana alipo kale. Tengani mbeu ku mwana."

"Sizichitika choncho."

"Muli na pepala yokamba kuti tisadule?"

Ndinalibe. Ndinali ndi buku lakuda, lolembedwa ndi pensulo, dzanja langa.

"Ikani tenti kumusi uko," ndinatero.

"Kumusi kuli matope. Mufuna nsapato za alendo zimire? A tenti abwera pa Chisanu m'mawa. Apeze poyera."

Anapita. Ndinakhala pa chitsa, mutu utaima.

Ndinaimbira ba Dokota. Foni yotseka. Anali kunja, ankayembekezeka kufika Loweruka lomwelo m'mawa. Ndinalemba uthenga: "Afuna kudula Kafupi. Tenti." Ndinatumiza. Ndinatumizanso madzulo, ndi m'mawa wake. Palibe yankho. Ndinaimbira ku ofesi. Mtsikana wa pa foni anati nkhani za mwambo zili m'manja mwa wa jekete uja. Ndinaimbira ba Madamu kasanu. Inkalira mpaka kuleka.

Lachinayi ndinavala malaya a kutchalitchi. Ndinayenda pansi mpaka pa msewu waukulu, ndinakwera minibasi, ndinatsika ku Silverest. Nyumba ya ba Madamu ndinkaidziwa, ndinatulako manyowa kale. Mpanda wa njerwa, geti yakuda. Ndinagogoda ndi mwala. Agalu anauwa. Patapita nthawi anatuluka okha, atavala chitenje, magalasi ali pamphumi.

"Ba Kapitawo. Kuli maliro?"

"Kulibe. Afuna kudula Kafupi mailo, pa Chisanu."

Ndinawauza zonse nditaima pa geti. Sanandilowetse poyamba. Kenako anati ndilowe, tinakhala pa khonde. Anandipatsa madzi.

"Masiku angati kuchokera pa mungu?"

"Khumi na anayi lero."

Anatseka maso. "Ni mkaka chabe. Siingamere."

"Ndiye chake nabwera. Imwe mukakamba, azamvera. Muli na mapepala."

"Mapepala yanga siyanalembedwe pa mendulo."

"Kafupi ni wanu, ba Madamu."

"Anali wanga. Munaona pa nyuzipepala? Ati ‘na gulu lawo.’ Zaka eyiti nagwada mu matope, ndine gulu." Anaseka, koma sikunali kuseka. "Manje nibwere nimenyane na ofesi, niteteze mbeu yakuti mudala akatengerepo mendulo ina?"

"Si ya mendulo. Ni ya anthu. Munaona mmene anaimirira pa waya."

Ndinkaganiza kuti adzuka atenge kiyi ya galimoto. Dzanja lawo linapita ku foni, linabwerera.

"Nili na pepala yofunika kutumiza pa Chisanu," anatero. "Ya chimanga changa. Nikaphonya, niyembekeza chaka china. Ndipo wamene azasayina ni ofesi imeneyo. Nikayambana nao lero, mwaona?"

Ndinaona.

Ndinagwada. Ine, munthu wa zidzukulu, pa simenti ya khonde la mwini. Sindinagwadirepo munthu chimwalirire bambo anga.

"Imani, ba Kapitawo. Imani chonde, napapata. Mwanichitisa manyazi."

"Foni imodzi chabe."

Anaimba. Ndinamva ndi makutu anga. Wa jekete anayankha mwaulemu, nati makadi a alendo anapita kale, mapu a malo anavomerezedwa, ndipo ngati pali vuto la sayansi alankhule ndi mwini mphoto. Mawu akuti mwini mphoto anawabaya. Anati, "Chabwino," nadula.

"Mwamvera mweka," anatero.

Ndili pa geti anandiitana. "Musadule. Kumbani na dothi yake, yambiri. Muike mu mthunzi, muthirire. Chimanga sichikonda kusamutsidwa, koma mwina njere zingakoke pang'ono ku phesi." Anayang'ana kumbali. "Mwina."

Ndinafika kumunda dzuwa litapendeka. Opalira anali ataweruka. Ndinatuma uthenga kwa mkazi wanga, anabwera ndi khasu lake. Sanafunse zambiri. Ndinathirira mzere wonse kuti dothi ligwirane. Ndinayamba kukumba mozungulira phesi loyamba, kutali, mozama. Mizu ya chimanga imapita patali kuposa mmene munthu aganizira. Khasu likalowa ndinkamva ikuduka, thu, thu.

Tinkanyamula ndi thumba la feteleza, iye mbali ina, ine mbali ina, kuika mu wilibala. Loyamba dothi linasweka tisanafike, mizu inatsala poyera. Lachiwiri phesi linathyoka pa mfundo. Mkazi wanga anati, "Pang'onopang'ono, atate ake, muli kufulumira." Ndinamukalipira. Sanalakwe. Tinaphunzira kumanga dothi ndi luzi tisananyamule. Tinaimika kuseri kwa shedi, pa mthunzi, m'mabowo amene ndinakumba. Mdima usanagwe tinasamutsa asanu ndi awiri. M'mawa kutacha tinawonjeza anayi.

Lole ya tenti inafika tisanamalize. Anyamata a tenti analibe mlandu, anauzidwa kuti apeza poyera. Ndinawapempha ola limodzi. Mkulu wawo anati ali ndi ukwati ku Chalimbana woti akamangenso tenti. Anatulutsa zikwakwa. Mapesi asanu otsala mwa ogwira aja anagwa ndikuona, matumba ali pomwepo. Sizinatenge nthawi yomwera kapu ya madzi. Ndinatola zitsononkho. Ndinasenda chimodzi, ndinadinda njere ndi chikhadabo. Mkaka unandithimbirira chala.

Loweruka tenti inali yoyera, mipando yovekedwa nsalu. Kwaya inaimba. Ife tinapatsidwa zipewa zolembedwa, tinauzidwa kuti tiime kumbuyo. Ba Dokota anafika molunjika kuchokera ku bwalo la ndege, maso ofiira ndi tulo. Anawaveka nkhata ya maluwa. Wolankhula wina anati ulemu wotere umalimbikitsa achinyamata kukonda sayansi. Wina anati mbewu imeneyi idzafika kwa mlimi aliyense. Anthu anaomba m'manja. Thebulo la akuluakulu linali pamwamba penipeni pa mzere wa Kafupi. Ndinkaona zitsa zake pansi pa kapeti, potukuka.

Ba Madamu sanabwere. Mpando wa dzina lawo anauchotsa mwakachetechete.

Alendo anapita kukajambulitsa pa chimanga chachitali. Ankagwira zitsononkho, kuseka. Mayi wina wa chipewa chachikulu anandifunsa ngati ndine wonyada. Ndinati inde.

Anthu akudya, ba Dokota anandipeza.

"Ba Kapitawo! Muli shani? Naona mauthenga yanu manje manje, foni inalibe netiweki. Nichani cha Kafupi?"

Ndinatsogola, ananditsata mpaka kuseri kwa shedi. Mapesi khumi ndi limodzi, omangidwa ku timitengo. Masamba anali atayamba kale kugwa ngati makutu a mbuzi.

Anayang'ana. Anatembenuka kuyang'ana tenti. Anayang'ananso.

"Enawo?"

"Pansi pa thebulo yanu."

Anakhala pansi pa dothi, ndi suti, ndi maluwa m'khosi. Anagwira tsamba limodzi. Anandifunsa masiku. Ndinawauza. Anafunsa ngati ba Madamu akudziwa. Ndinati akudziwa.

"Ninawauza aja a mphoto kuti tili awiri," anatero. "Anakana. Nikanachita bwanji? Nikanakana, chitsime ichi sichikanabwera."

Sindikudziwa yankho mpaka lero. Wa jekete anabwera kudzawatenga, chifukwa atolankhani ankadikira.

Ndinathirira m'mawa ndi madzulo. Ndinaika udzu pamwamba kuti dzuwa lisawaone. Anauma mmodzimmodzi. Pa sabata yachitatu onse anali atauma. Ndinasenda. Zitsononkho zambiri zinali ndi makoko a njere opanda kanthu mkati. Zitatu zinali ndi tinjere tokwinyika, topepuka ngati mankhusu. Ndinasankha tooneka bwinoko. Tinakwana m'kabokosi ka machesi.

Mwezi womwewo inafika filiji yatsopano, ya sola, yogulidwa ndi mphoto. Yaikulu, yoyera, yosadalira magetsi a pa waya. Anthu anayi anainyamula. Ndinaikamo kabokosi ka machesi. Kanakhala kokha pa shelefu yapakati.

Ba Dokota anakwezedwa, anapatsidwa ofesi ku Lusaka. Ba Madamu pepala lawo linayenda, anaitanidwa kukagwira ntchito dziko lina. Asanapite anaimba foni. Anafunsa kuti zatsala zingati. Ndinawauza. Anati njere zosakhwima sizikhala moyo nthawi yaitali. Sananene kuti ndichite chiyani. Ndinafunsa ba Dokota ngati ndibzale kapena ndidikire mvula. Anati aganiza, adzandiuza. Ndinadikira miyezi iwiri.

Apa ndi pamene ndinalakwa ine. Ndinaopa kuti zifera m'kabokosi. Kuzizira kutangotha ndinazibzala, ndi madzi a pampu, osadikira mvula. Sindinawerengere kuti zidzamasula pa kutentha kwa Okutobala. Ba Madamu akanawerengera. Ba Dokota akanawerengera. Akanakangana pansi pa mtengo wa masuku, wina akanandiletsa.

Njere makumi atatu ndi imodzi. Zinamera zitatu. Imodzi inatuluka yoyera, yopanda kubiriwira, inafa sabata yomweyo. Ina chiswe chinaidula pansi. Inatsala imodzi.

Phesi limodzi. Ndinalimangira khola la waya ngati la nkhuku. Kutchalitchi ndinasiya kupita, ndinkaopa mbuzi. Mkazi wanga anati ndayamba misala. Ankandibweretsera chakudya kumunda.

Linakula mpaka m'chiuno, monga mwa mtundu wake. Ngayaye inatuluka. Ndinaiveka thumba. Mwana anatuluka pa phesi, ndinamuveka kathumba. Chinatsala ndi ndevu. Dzuwa linali lowotcha mwala. Chimanga chikavutika ndi kutentha, ngayaye imafulumira, ndevu zimachedwa. Pa mzere wa mapesi ambiri si vuto, umatenga mungu kwa mnzake wochedwa. Ine ndinalibe mnzake.

Tsiku loyamba mungu unagwa wambiri, wachikasu, wonunkhira. Ndinakweza kathumba. Ndevu palibe. Mungu sukhala, ukafika masana wafa. Ndinautaya. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Ndinathira madzi mpaka pansi panachita thope. Ndinaika mthunzi wa masaka. Tsiku lachitatu ndinadula nsonga ya makoko ndi mpeni, monga ankachitira ba Madamu, kuti ndevu zipeze njira yaifupi. Tsiku lachinayi mungu unachepa. Ndinaika wina mu enivelopu, mu filiji yatsopano ija, ngakhale ndinkadziwa. Tsiku lachisanu ndinagwedeza thumba, munagwa tizinyalala touma. Ndinalankhula nalo phesi lija. Sindilemba zimene ndinanena.

Ndevu zinatuluka patatha masiku anayi ngayaye itauma. Zinali zokongola, zofiirira, zonyezimira. Ndinathira mungu wa mu filiji, unali utaundana ngati ufa wonyowa. Ndinapukusa ngayaye youma m'manja, ndinathira fumbi lake. Ndinatseka, ndinalemba nambala ndi pensulo.

Chapafupi panali chimanga china cha dimba, cha mungu wamoyo. Ndikanathira umenewo njere zikanagwira. Koma sakanakhala Kafupi. Ndinaima pakati pa ziwirizo nthawi yaitali. Sindinathire.

Ndevu zikalandira mungu zimafota msanga. Izi zinapitiriza kutalika, kudikira. Ndinkaziona zikutulukira pansi pa kathumba. Patatha mwezi ndinasenda. Chitsononkho choyera, chosalala, chopanda njere ndi imodzi yomwe.

Ndinalemba m'buku lakuda tsiku, nambala, ndi mawu akuti palibe. Ndinaimbira ba Dokota, monga ndinkachitira ndi lipoti lililonse. Ulendo uno anayankha.

"Kafupi wasila," ndinatero.

Ndinkamva magalimoto a ku Lusaka kumbuyo kwawo. Anapuma mwamphamvu kawiri. Ndikhulupirira kuti zinawawawa. Anafunsa ngati ndasenda bwino, ngati ndayang'ana kunsonga. Ndinati ndayang'ana.

"Tingamupangenso?" ndinafunsa.

"Zaka eyiti. Ndipo njira yake ili mu mutu wa ba Madamu." Kenako anatsitsa mawu. "Ba Kapitawo, mvelani. Musauze munthu pakali pano. Dzina yathu ili pa mndandanda wa mphoto ina, ikulu. Ikabwera, tizakhala na mphamvu yoyambanso. Mwamvera? Ni miyezi ingapo chabe."

Ndinati ndamva.

Ndinasunga pakamwa masabata angapo. Mvula inayandikira. Alimi anayamba kubwera pa waya, ena ochokera kutali, kufunsa mbewu imene anamva pa wailesi. Mayi wina wa kwathu ku Bundabunda, wamasiye, wa mumpingo mwathu, anabwera katatu. Chaka cha chilala chija anakolola ngolo yosadzaza. Anati wasiya dala gawo la munda, sanagule mbewu ina, akudikira yathu.

"Izabwera liti, ba Kapitawo?"

Kawiri ndinati sindidziwa. Kachitatu mitambo inali itada kale kum'mawa, ndipo anthu anali atayamba kubzala. Ndinalowa m'shedi, ndinatenga chitsononkho chopanda njere chija. Ndinamupatsira pa waya. Anachitembenuza m'manja, osamvetsa.

"Siizabwera," ndinatero. "Pitani mukagule ina lero. Muuzeko na anzanu."